Khansa imene imadzibisa ngati zikanga

Mwana wa zaka 10 akabwera kuchipatala ali ndi zigamba zotuwa m'matako ndi m'ntchafu, ambiri a ife timakhala tapeza kale yankho iye asanamalize n'kuvula komwe. Wina adzati ndi zikanga. Wina adzati khungu langouma ndi sopo. Amene adamvetsera bwino m'kalasi adzatenga kathonje n'kuyamba kukhudza chigambacho mwanayo atatsinzina, kuti aone ngati akumva, poopa khate. Kwa ana zikwi zambiri, limodzi mwa mayankho amenewa limakhala lolondola. Koma mwa apo ndi apo pamapezeka mwana amene zigamba zake si zikanga, si khate, ndipo mafuta opaka amangozizimitsa kwa kanthawi n'kubweranso. Ali ndi lymphoma ya pakhungu, khansa ya maselo oyera a magazi imene yakhazikika pakhungu m'malo mokhala m'mwanabele monga zimachitira zinzake.

Nthendayi ndi yosowa zedi. Ku America, ofufuza atawerengera odwala kuyambira 1973 mpaka 2002 adapeza kuti chaka chilichonse anthu pafupifupi 6 mwa anthu 1 miliyoni ndiwo amapezeka ndi mtundu wake waukulu, wa maselo a T. Munthu akhoza kugwira ntchito m'chipatala mpaka kupuma atangoiona kamodzi, mwinanso adaiona koma osaizindikira. Chimene chatichititsa kuilemba ndi chakuti kwa zaka zoposa 150 mabuku ankaifotokoza ngati nthenda ya abambo achikulire a khungu loyera, ndipo kafukufuku wa m'maiko ambiri waonetsa kuti nthendayi imasintha maonekedwe malinga ndi msinkhu wa munthu, mtundu wa khungu lake, ndi dera limene adabadwira.

Tiyambe ndi khungu lenilenilo. Timalitenga ngati chikuto cha thupi, koma muli asilikali ochuluka. Mu 2006 gulu la Rachael Clark ku Boston lidawerengera kuti pakhungu la munthu wamkulu pamakhala maselo a T pafupifupi 20 biliyoni, kuposa amene akuyenda m'magazi pafupifupi kawiri. Ntchito yawo ndi kulonda pakhomo, kukumbukira tizilombo timene tidalowerapo kale. Limodzi mwa maselo amenewa likasokonekera n'kuyamba kuswana mosaleka, ana ake amatsatira khalidwe la kholo lawo. Ngati kholo linali selo lokhazikika malo amodzi, khansayo imapanga zigamba zimene zimakhala pamalo omwewo kwa zaka. Ngati linali selo loyendayenda pakati pa khungu, magazi ndi anabele, khungu lonse limafiira ndipo maselo a khansa amapezeka m'magazi. Kusiyana kumeneku, kumene gulu lomwelo lidafotokoza mu 2010, ndiko kumalekanitsa nthenda ziwiri zodziwika kwambiri za m'banjali.

Yoyamba ndi mycosis fungoides. Adayamba kuifotokoza ndi dokotala wa ku France, Jean-Louis Alibert, wa pachipatala cha Saint-Louis ku Paris, mu 1806. Wodwala wake anali ndi zotupa zooneka ngati bowa, ndipo dzinalo lidachokera pamenepo. Ndi dzina losocheretsa: wophunzira akalimva koyamba amaganiza za chipere ndi mafangasi, pamene nthendayi ilibe fangasi ndi mmodzi yemwe. Ernest Bazin, wa pachipatala chomwecho, adadzaonetsa kuti imayenda pang'onopang'ono, kuyambira zigamba zosalala, kenako zigamba zokhuthala, ndipo kwa ena pomaliza zotupa zimene zimatha kuphulika n'kukhala zilonda. Yachiwiri idafotokozedwa ndi Albert Sézary mu 1938: khungu lofiira thupi lonse, kuyabwa kosagonetsa, anabele otupa, ndi maselo achilendo m'magazi. M'zaka za m'ma 1970 zidadziwika kuti zonse ziwiri zimachokera ku maselo a T. Mu 2005 bungwe la WHO ndi bungwe la ku Ulaya lofufuza za khansa la EORTC adagwirizana mndandanda umodzi wa ma lymphoma onse a pakhungu, ndipo adaukonzanso mu 2018. Malinga ndi ziwerengero za ku Ulaya, mwa odwala 4 alionse, pafupifupi 3 amakhala ndi ya maselo a T ndipo mmodzi ya maselo a B.

Chithunzi cha m'buku ndi ichi: bambo wa zaka pakati pa 55 ndi 60, wokhala ndi zigamba zofiira, zamamba pang'ono, za misinkhu yosiyanasiyana, m'malo amene dzuwa silifika monga m'matako, m'ntchafu ndi m'chiuno. Chithunzichi si chabodza. Vuto lake lili pa mawu akuti "zofiira". Pakhungu lakuda kufiira sikuoneka monga kumaonekera pakhungu la mzungu. Chigamba chimatha kuda kuposa khungu lozungulira, kapena kuoneka chabulauni, kapena kutuwa ndithu ngati pathiridwa ufa.

Miyezi 36

Ngakhale kumene chithunzi cha m'buku chimagwirizana ndi wodwala, nthendayi imachedwa kudziwika. Chipatala chimodzi sichingaphunzire zambiri pa nthenda imene chimaiona kangapo pachaka, choncho kuyambira 2015 zipatala za m'maiko ambiri zidayamba kulemba odwala awo atsopano m'kaundula mmodzi wotchedwa PROCLIPI, motsogozedwa ndi Julia Scarisbrick wa ku Birmingham. Lipoti lawo la mu 2019 lidaonetsa kuti mwa odwala amene nthenda yawo inali isanafike patali, ochuluka adachedwa kuuzidwa chimene akudwala, ndipo theka la ochedwawo adadikira miyezi 36 kapena kuposerapo kuchokera pamene zigamba zidayamba. Zaka zitatu, ndipo awa ndi odwala a m'maiko okhala ndi madokotala a khungu ndi malabotale okwanira.

Zifukwa zake n'zomveka. Poyamba maselo a khansa amakhala ochepa, osakanikirana ndi maselo abwinobwino amene akulimbana nawo, kotero kachidutswa ka khungu kakaikidwa pa maikulosikopu kamaoneka ngati eczema kapena psoriasis. Mafuta a steroid monga betamethasone, amene wodwala amakhala atapaka kale, amathamangitsa maselowo pamwamba pa khungu, ndipo woyeza sapeza kanthu. Odwala ambiri amadulidwa kachidutswa kawiri kapena katatu, pa zaka zosiyana, chisanadziwike chenicheni.

Kafukufuku wa ku America uja adapezanso kuti nthendayi imagwira anthu akuda kuposa azungu, pafupifupi 9 pa miliyoni poyerekeza ndi 6 pa miliyoni. Ofufuza ena otsatira adaona kuti odwala akuda amapezeka nayo ali aang'ono ndi zaka zingapo, ambiri itafika kale patali, ndipo amamwalira msanga. Mtsutso ulipo ngati izi zikuchokera m'chibadwa cha nthendayo kapena m'kuchedwa kupeza chithandizo, ndipo n'kutheka kuti zonse ziwiri zikuthandizana. Ife tikuona kuti ziwerengerozi tisazitenge ngati zikunena za ife mwachindunji. Makolo a anthu akuda ambiri a ku America adachokera kumadzulo ndi pakati pa Africa, ndipo moyo wawo, tizilombo timene amakumana nato, ndi zipatala zawo n'zosiyana ndi zathu. Chimene tingatolepo ndi chakuti khungu lakuda silitchinjiriza munthu ku nthendayi.

Tibwerere kwa mwana uja. Ku Ulaya ndi kumpoto kwa America, ana ndi achinyamata ndi ochepa kwambiri mwa odwala mycosis fungoides, kotero kwa nthawi yaitali dokotala sankaiganizira n'komwe akaona mwana. Koma malipoti ochokera ku Asia ndi ku maiko a Aluya adasintha maganizo. Mu 2010 madokotala a ku Kuwait adafotokoza za ana ndi achinyamata 36 amene adawapeza nayo, chiwerengero chachikulu kwa dziko laling'ono chotero, ndipo a ku Singapore adaonanso zofanana. Ambiri mwa anawa anali ndi mtundu wa zigamba zotuwa. Zigambazo nthawi zambiri siziwawa, zimayabwa pang'ono kapena ayi, ndipo zimakonda malo obisika ndi zovala. Pa maikulosikopu maselo ake kawirikawiri amakhala a mtundu wa CD8, pamene mwa akuluakulu a zigamba zofiira amakhala a CD4.

Nkhani yabwino ndi yakuti mtundu wotuwawu ndi wofatsa. Umamva chithandizo cha kuwala kwa ultraviolet, khungu limabwerera mtundu wake, ndipo ngakhale zigamba zimakonda kubwereranso, si kawirikawiri kuti nthenda ifike pa zotupa. Choopsa chachikulu kwa mwana wotere m'dera ngati lathu n'kupatsidwa dzina la nthenda ina. Akatchedwa wa zikanga amataya zaka akumwa ndi kupaka mankhwala a mafangasi. Akatchedwa wakhate amamwa mankhwala kwa miyezi 6 kapena 12 pachabe, ndipo mawu akuti khate akangomveka m'mudzi sabwezeka. Kathonje kaja n'kofunika pamenepa: chigamba cha khate chimachita dzanzi ndipo nthawi zina mitsempha imakhuthala, pamene cha lymphoma chimamva bwinobwino. Ndipo mycosis fungoides si yopatsirana. Munthu wodwala nthendayi akhoza kudya mbale imodzi ndi anzake, kugona chipinda chimodzi ndi kupatsana moni wapamanja popanda choopsa.

Kumene munthu adabadwira

Mu 1977 Kiyoshi Takatsuki ndi anzake ku Kyoto adafotokoza za odwala 16 amene anali ndi khansa yachilendo ya maselo a T, yothamanga, yokhudza magazi, anabele ndi khungu. Atafunsa kwawo kwa odwalawo adapeza kuti ambiri adabadwira pachilumba cha Kyushu, kumwera chakumadzulo kwa Japan, ngakhale adachokako kalekale. Funso wamba lakuti "kwanu n'kuti" ndilo lidaloza ku kachilombo. Mu 1980 Bernard Poiesz ndi Robert Gallo ku America adalengeza kuti apeza kachilombo ka HTLV-1 m'maselo a wodwala amene ankati ali ndi lymphoma ya pakhungu, ndipo posakhalitsa a ku Japan adaonetsa kuti kachilombo komweko ndiko kamayambitsa nthenda ya ku Kyushu. Kanali kachilombo koyamba ka gulu la retrovirus kupezeka mwa munthu, zaka zitatu HIV isanadziwike.

Nthendayi, imene mwachidule imatchedwa ATLL, imaonekera pakhungu mwa odwala pafupifupi theka, ndipo imatha kufanana kwambiri ndi mycosis fungoides, ngakhale pa maikulosikopu. Kusiyanitsa kwake n'kuyeza magazi kuti aone ngati muli HTLV-1. Kulakwitsa apa n'koopsa chifukwa mitundu yothamanga ya ATLL imapha m'miyezi. Anthu okhala ndi kachilomboka padziko lonse akuyerekezedwa kuti ndi pakati pa 5 ndi 10 miliyoni, ounjikana m'madera ochepa: kumwera kwa Japan, zilumba za Caribbean, Peru ndi mbali zina za Brazil, kumadzulo ndi pakati pa Africa, dera la Mashhad ku Iran, ndi pakati pa eni nthaka a m'katikati mwa Australia. Kamafala pogonana, m'magazi, ndi poyamwitsa. Ambiri amakhala nako moyo wonse osadwala. Amene amadzadwala khansayi ndi pafupifupi 5 mwa 100 kapena kucheperapo, makamaka aja adakatenga ali makanda, ndipo zimatenga zaka makumi angapo.

Ku Nagasaki adayamba kuyeza amayi oyembekezera mu 1987 n'kulangiza opezeka ndi kachilomboka kuti asayamwitse. Mwa ana oyamwa nthawi yaitali, pafupifupi mmodzi mwa 5 ankatenga kachilomboka, pamene mwa omwa mkaka wa m'botolo anali pafupifupi 3 mwa 100. Pano tichenjezane: langizo limenelo linali la amayi oyezedwa n'kupezeka ndi kachilombo, m'dziko la madzi aukhondo ndi mkaka wosasowa. Si chifukwa chakuti mayi wa kwathu kuno asiyitse mwana bere. Ku Jamaica, Lois LaGrenade ndi anzake adaonetsa mu 1990 kuti kachilomboka kamayambitsanso mwa ana zilonda zonyowa za m'mutu, kuseri kwa makutu ndi m'mphuno, zimene zimangobwerera mankhwala akatha, ndipo ena mwa ana otere amadzadwala ATLL atakula.

Kachilombo kena ife timakadziwa bwino. Epstein-Barr kadapezeka mu 1964 m'zotupa za khansa imene Denis Burkitt adafotokoza ku Uganda mu 1958, khansa yotupitsa nsagwada kapena mimba imene mpaka lero ili m'gulu la khansa zofala kwambiri mwa ana a ku Malawi. Kachilombo komweko ku Peru, Mexico, Guatemala ndi kum'mawa kwa Asia kamapanga nthenda ina yosiyaniratu. Mwana amatuluka matuza kumaso ndi m'manja, malo amene amawombedwa ndi dzuwa, matuzawo amapola n'kusiya zipsera zokumbika, nkhope imatupa, ndipo ena akalumidwa ndi udzudzu pamabuka chilonda chachikulu ndi malungo. Mwa ana ena imazirala yokha, mwa ena imasanduka lymphoma yakupha. Ku Latin America imagwira kwambiri ana a mitundu ya eni nthaka. Pafupifupi munthu wamkulu aliyense padziko ali ndi Epstein-Barr, kotero kachilombo pakokha sikafotokoza zonse; kwathu kuno malungo obwerezabwereza ndiwo amathandizira khansa ya Burkitt, ndipo kumeneko ofufuza akuloza ku chibadwa cha anthuwo.

Pa nthenda ina, chibadwacho chidagwidwa ndithu. Pali lymphoma ya m'mafuta a pansi pa khungu imene imapanga timibulu tolimba, makamaka mwa achinyamata, ndipo ena amadwala malungo aakulu chifukwa chitetezo cha m'thupi chalusa mopyola. Mu 2018 ofufuza adapeza kuti oposa theka la odwala amene adawayeza adabadwa ndi vuto pa gene yotchedwa HAVCR2, imene imagwira ntchito ngati buleki ya maselo a chitetezo. Vutolo linali la mtundu wina mwa anthu ochokera kum'mawa kwa Asia ndi zilumba za Polynesia, ndi la mtundu winanso mwa ochokera ku Ulaya. Odwala ambiri otere amachira ndi mankhwala oziziritsa chitetezo monga prednisolone ndi ciclosporin, osafunika mankhwala amphamvu a khansa. Kumapeto ena a moyo kuli lymphoma ya maselo a B imene imamera ngati zotupa m'miyendo ya okalamba, makamaka amayi opitirira zaka 70. Imeneyo ndi yaukali ndipo imafuna chithandizo champhamvu msanga.

Kumenya pang'ono kapena kwambiri

Munthu akamva mawu akuti khansa amafuna mankhwala amphamvu koposa, lero lomwe. Pa mycosis fungoides maganizo amenewa adayesedwa. Mu 1989 Frederic Kaye ndi anzake a ku National Cancer Institute adafalitsa zotsatira za odwala 103 amene adawagawa mwamaere m'magulu awiri. Gulu lina lidalandira radiation ya khungu lonse pamodzi ndi mankhwala anayi a chemotherapy. Lina lidayamba ndi mankhwala opaka, n'kumaonjezera mphamvu pokhapokha nthenda ikakula. Zigamba zidatheratu mwa 38 pa 100 alionse a gulu loyamba ndi 18 pa 100 a gulu lachiwiri. Koma atawatsatira kwa zaka zoposa 6, kutalika kwa moyo kunali chimodzimodzi, ndipo a gulu loyamba ndiwo adazunzika kwambiri ndi mankhwala. Mu 1996 a ku Stanford adaonetsanso kuti munthu amene zigamba zake sizidafike gawo limodzi mwa magawo 10 a khungu amakhala ndi moyo wautali ngati anzake a msinkhu wake opanda nthendayi.

N'chifukwa chake lero nthenda ikakhala yoyambirira amaichiza pakhungu pomwepo: mafuta a steroid amphamvu, kuwala kwa ultraviolet, mankhwala opaka a mechlorethamine, kapena radiation yochepa pa chigamba chimodzi. Pali nthenda inanso ya m'banja lomweli, lymphomatoid papulosis, imene Warren Macaulay adaitchula dzina mu 1968: pa maikulosikopu imaoneka ngati khansa yoopsa, koma timatuza take timabwera n'kupola tokha m'milungu ingapo. Woyeza kulabotale akapanda kuuzidwa mbiri ya wodwala akhoza kulemba lipoti limene lingapatsitse munthu chemotherapy yosafunika.

Kwa amene nthenda yafika patali, mankhwala atsopano alipo. Kafukufuku wa ALCANZA, wa mu 2017, adaonetsa kuti brentuximab vedotin idathandiza kwa miyezi 4 kapena kuposerapo odwala 56 pa 100 alionse, pamene mankhwala akale adathandiza 13 okha. Wa MAVORIC, wa mu 2018, wokhala ndi odwala 372, adapeza kuti mogamulizumab imaimitsa nthenda kwa miyezi 7.7 poyerekeza ndi miyezi 3.1 ya vorinostat. Mogamulizumab idayamba kuvomerezedwa ku Japan mu 2012 pochiza ATLL, kenako n'kuwolokera ku nthenda za Alibert ndi Sézary. Koma tione amene adalowa m'kafukufukuyu. Onse awiri adatenga akuluakulu okha, ndipo zipatala za MAVORIC zinali ku America, Ulaya, Japan ndi Australia. Zimene zikudziwika za ana zimachokera m'malipoti a odwala makumi angapo pachipatala chimodzi, ndipo za kum'mwera kwa Sahara zalembedwa zochepa kwambiri.

Kuchepa kwa malipotiko sikutanthauza kuti odwala kulibe. Nthendayi siingadziwike popanda kudula kachidutswa ka khungu ndi kukapaka utoto wapadera woonetsa mtundu wa maselo, ndipo kwa zaka zambiri zimenezi zinali zosowa kuno. Zinthu zasunthako. Sukulu ya za khungu ya ku Moshi, ku Tanzania, yakhala ikuphunzitsa ma clinical officer a m'maiko a kuno kuyambira 1992, ndipo labotale yoyeza minofu ya pa Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, imene idatsegulidwa mu 2011 mogwirizana ndi University of North Carolina, imatha kusiyanitsa mitundu ya lymphoma. Komabe pakhungu la wodwala wa kwathu, khansa imene tidzakumana nayo kawirikawiri ndi Kaposi sarcoma, ndipo chigamba chotuwa nthawi zambiri chidzakhaladi zikanga.

Chimene chiyenera kutidzutsa ndi chigamba chokhala miyezi yambiri kapena zaka, m'malo obisika ndi zovala, chimene chimamva kukhudza, chosasintha ndi mankhwala a mafangasi, chozimirira ndi steroid n'kubwerera pamalo omwewo, kapena chimene khungu lake lapyapyala n'kuchita makwinya ngati pepala lofinyidwa. Wodwala wotere atumizidwe ku kiliniki ya khungu. Asiye kupaka steroid kwa milungu iwiri kapena inayi asanadulidwe kachidutswa, adulidwe pa zigamba ziwiri zosiyana ngati n'kotheka, ndipo pafomu yopita kulabotale palembedwe msinkhu wake, nthawi imene zigamba zakhalapo, malo ake pathupi, mankhwala onse amene adayesapo, zotsatira za HIV, ndi kumene iye ndi mayi ake adabadwira. Lipoti loyamba likabwera lonena kuti ndi eczema chabe koma zigamba zikupitirira, wodwalayo apatsidwe tsiku lobweranso pakatha miyezi 6, ndipo zigambazo zijambulidwe lero, iye atavomera, kuti padzakhale poyerekezera.